Kompyuta Imene Inkakana a Esitere

Achemwali anga a Esitere ali ndi moyo, ndipo zimene ndikulembazi akadzaziona adzandikalipira. Sakonda kutchulidwa. Koma m'midzi ya m'munsi mwa Chongoni dzina lawo likutchulidwabe monong'ona, ndiye bola ine mlongo wawo ndilitchule mokweza, anthu amve mmene linadetsedwera. Ine ndine Dominiko, mzime m'banja mwathu. Ndili ndi kashopu pa Boma pomwe ndimakonza mafoni ndi makompyuta. Mkwiyo ndili nawo, sindibisa.

Kwathu a Esitere ndiwo achisamba. Mayi anatisiya ine ndikukwawa, ndipo msana umene ndinakulirapo ndi wa achemwaliwa. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha ife. Mwayi wawo unali woti masisitere a ku parishi anawaona kuti ndi mtsikana waukhondo, n'kuwatenga kukawaphunzitsa makina a tayipi. Kumeneko anatengako zinthu ziwiri zomwe zinawalowa mpaka m'mafupa. Choyamba ndi kulawirira. Chachiwiri ndi lamulo la sisitere wina wokalamba, loti chinthu cha eni ake chikakana sachikakamiza: chisiye mmene chiliri, chivundikire nsalu, udikire mwini wake. Pa makina a tayipi lamulo limeneli linali labwino ndithu.

Anakwatiwa ndi alamu anga a Yohana, kalipentala wosayankhulayankhula, amene anamwalira msanga ndi chifuwa. Mwana sanapatsidwe. Nthawi imeneyo palibe ankawanena za zimenezo, poti ana amene anawaimira pa ubatizo anali mbwee mudzi uliwonse, ndipo mphakati wathu unkakonda kupempherera pakhonde pawo chifukwa mphasa zawo zinali zosamalika.

Alimi a kachewere a dera lathu atayambitsa bungwe lawo, anafuna mlembi wodziwa kutayipa. Panalibe chokambirana, aliyense analoza a Esitere. Ofesi yake ndi kanyumba ka malata kopanda siling'i, kotsamira phiri, komwe dzuwa limafikako mochedwa kuposa kwina kulikonse. Achemwali ankadzuka tambala akulira, kupemphera, kutsika kanjira ka m'mphepete mwa nkhalango, n'kutsegula ofesi mame akadali gwaa. Alimi ankakonda zimenezo chifukwa ankayamba athandizidwa asanapite kudimba. Anagwira choncho zaka zambirimbiri, apampando akusinthasintha, iwo ali pomwepo.

Kompyuta itabwera, tsitsi lawo linali litayamba kale imvi. Ena ankati sangaithe. Anaiphunzira mwakachetechete, n'kuisokera nsalu yake yovundikira, ya maluwa m'mphepete. Inagwira ntchito bwino mpaka pamene anyamata a m'mudzi anazolowera kubwera ndi maflashi awo a nyimbo, n'kuidzaza mavairasi.

Apa ndi pamene analowerapo Keith, mwana wa a Damiano, apampando a bungwelo. Keith si mwana woipa, ndinene zoona. Anali atangomaliza koleji ku Lilongwe, mutu ukutentha ndi zatsopano. Anati mankhwala a mavairasi n'kuika pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, yotchedwa Linux, pambali pa yakale ija ya Windows, kuti mbali imodzi ikadwala, inayo izigwira ntchito. Maganizo abwino. Anatola disiki yakale m'kompyuta ina yakufa, n'kuiika m'katimo pambali pa disiki imene inalimo kale. Disiki ndi kabokosi kachitsulo kosunga zonse, ndipo m'kati mwake muli kambale kamene kamayenera kuzungulira kuti zinthu ziwerengeke. Kuyambira tsiku limenelo, ukayatsa pankabwera mizere iwiri pasikirini, iwe n'kusankha mbali yolowa. Zinali ngati nyumba ya zipinda ziwiri ya khomo limodzi. Anthu anabwera kudzaonerera, a Damiano akuyendayenda ngati aika ndi iwo.

Nyengo yotentha inatha bwino, dzinja linathanso bwino. Mavuto anayamba mu Meyi.

Tsiku lina achemwali atayatsa, mizere iwiri ija sinabwere. Sikirini inali bii, pamwamba timawu tachingerezi toyera, ndi kamzere kophethira. Iwo anachita zimene anaphunzitsidwa ali mtsikana. Anazimitsa pakhoma, kuvundikira nsalu, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo, alimi ali pamzere panja. Dzuwa litakwera, inamveka njinga yamoto ya apampando.

"Kwagwanji, mayi?"

"Yakana, bambo."

"Tachotsani nsaluyo."

A Damiano sadziwa ngakhale pamene pali chilembo choyamba cha dzina lawo pa kiyibodi. Anatambasula chala chimodzi n'kudina batani. Mizere iwiri ija, iyo. Alimi anaseka, achemwali nawo anaseka.

Mawa lake inalola. Mkuja wake inakana. Kenako inalola masiku angapo, n'kukananso motsatizana. Ndipo nthawi iliyonse ikakana, a Damiano ankafika dzuwa lili pamutu, kudina ndi chala chawo chija, n'kulowa. Poyamba zinali nthabwala. Ati kompyuta imadziwa mwini wake. Ati manja a mayi Esitere ndi olemera. Koma nthabwala za kwathu ndimazidziwa, zikabwerezedwa kwambiri amene akunena amasiya kuseka.

Osati a bungwe sanayesetse kuikonza. Keith anasintha kabatire kakang'ono ka m'kati. Inakanabe. Anasintha chingwe cha magetsi. Inakanabe, tsiku limene yafuna. Anaikweza minibasi kupita nayo ku Lilongwe kwa anzake, komwe inakhala m'chipinda chofunda, ikuyatsidwa m'mawa ndi madzulo osakana ngakhale kamodzi. Inabwerako ndi chigamulo choti ilibe vuto, vuto ndi woyatsa. Komiti inakhala pansi n'kuika lamulo: mlembi azidina kamodzi kokha, ikakana asaikhudzenso, chifukwa kudinadina n'kumene kukuiononga.

Loweruka lina achemwali anatulukira kushopu kwanga atavala juzi ziwiri. Anakhala pabenchi nthawi yaitali akundionerera ndikusungunula mtovu pafoni ya munthu. Kenako anati, "Domi, kodi chitsulo chimadana ndi munthu?"

Ndinaika pansi zonse n'kuyamba kuwafunsa ngati kuchipatala. Ikamakana imamveka bwanji? Anati imabuula m'kati, kuyamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya. Imakana masiku ati? Anaganiza, n'kunena kuti makamaka kukachita chifunga, masiku amene zala zimakanika kumanga mpango. Nanga ikakana mumatani? Anandiyang'ana modabwa. Amazimitsa, amavundikira, amadikira.

Nkhani yonse inali pomwepo. Khomo lija la zipinda ziwiri, kapulogalamu kobweretsa mizere yosankhira, Keith analiika pa disiki yotola ija. Disiki yokalamba ikazizidwa imachedwa kuzungulira. Kompyuta ikadzuka imafunafuna khomo, osalipeza, n'kuima, ndipo mbali zonse ziwiri zimatsekeka. Malata akatentha, disiki imamasuka, aliyense wodina imamulola, kaya ndi apampando kaya ndi mbuzi. Kompyuta ija sinkakana a Esitere. Inkakana aliyense wofika m'mamawa, kungoti wofika m'mamawa pa bungwe lonse lija anali mmodzi.

Ndinawauza kuti ikakana aziisiya yoyaka kanthawi, ifunde, kenako adinenso. Anapukusa mutu. Komiti yati kamodzi.

"Ndiye muzichedwa, achemwali. Muzifika nthawi imene anzanu amafika."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Alimi aziima panja, ine ndili m'bulangete?"

Ndinakwera minibasi kukaonana ndi a Damiano. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinafotokoza mwaulemu wonse umene ndili nawo, umene si wambiri. Ndinapempha kuti andilole kuitsegula, kwaulere. Anandimvetsera akutokosa m'mano.

"Inu si mlongo wawo?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye mukanati chiyani? Kompyuta imene ija amatsegula ndi Keith yekha. Mwana uja ali ndi mapepala."

Keith ndinamuimbira foni. Anali atapeza ntchito mu mzinda. Nditamufotokozera anati, "Mwina n'zoona, akulu. Ndikapeza tchuthi ndidzaona. Koma madala musawauze kuti ndi disiki yanga ija, mukuwadziwa mmene alili." Tchuthi chimenecho mpaka lero sanachipeze.

Achemwali anaganiza okha njira yosaphwanya lamulo la munthu aliyense. Iwo amaweta nkhuku, ndipo anapiye a m'nyengo yozizira amawasunga ndi mbaula. Anayamba kunyamula kambaula kupita nako kuofesi. Ankakoleza makala ndi zitsononkho, kukaika pansi pafupi ndi tebulo, kutchinga ndi chitenje kuti kutentha kusathawe, n'kudikira akupemphera kolona. Akatha, ankadina kamodzi monga inanenera komiti. Inkalola tsiku lililonse. Anabwera kudzandiuza nkhope ikuwala ngati mwana. Ndinawachenjeza za utsi ndi phulusa basi. Za anthu sizinandifike m'mutu, ndiponso sizikanamufika munthu wamutu wabwino.

Mu Julaye, mkazi wa msungichuma analawirira kudzafunsa za mbewu. Anasuzumira pawindo. Anaona mayi wamasiye, wopanda mwana, atagwada kutsogolo kwa kompyuta, chitenje chili chotchinga, utsi ukufuka, milomo ikugwedera. Sanagogode. Pofika masana nkhani inali itafika ku Linthipe, ndipo pofika kumeneko zitsononkho zinali zitasanduka mizu. Ati a Esitere amafukiza. Ati anaimanga okha kompyutayo kuti izimvera iwo, asadzachotsedwe ntchito. Chaka chimenecho chiwawu chinagwira kachewere m'madimba ena, nachonso anawasenzetsa.

Komiti inawaitana. Ine anandiletsa kulowa, ndinaima pawindo. Achemwali anafotokoza za chisanu ndi za disiki momwe ndinawauzira, osaphonya. Wina anaseka n'kufunsa ngati chitsulo chimachita chimfine. Kenako a Damiano anaimirira.

"Chabwino, mayi, tinene kuti ndi chisanu. Nanga ine bwanji ndikadina imalola? Ine ndimabwera ndi mbaula?"

Yankho linali pamilomo pawo, ndinaliona. Mawu ake ndi ochepa: chifukwa inu mumachedwa. Koma a Esitere kuuza munthu wamkulu, pamaso pa komiti yake, kuti amabwera kuntchito mochedwa? Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Kaya, bambo." Ine ndinakuwa pawindopo kuti amachedwa, amafika dzuwa litatentha. Anandigwira anthu n'kundikankhira kumsewu, ndipo zinangoonjezera kuti banja lathu ndi lamwano.

Sanawachotse ntchito, ayi, kwathu sitichotsa munthu. Anawauza kuti akapume kaye. Anatenga kiyi n'kupatsa Pilira, mdzukulu wa msungichuma, mtsikana wabwinobwino amene amatsegula ofesi akatha kutunga madzi, kuphika ndi kuchapa.

Ndiyeno taonani nkhanza za nyengo. Achemwali anachoka kumapeto kwa Julaye. Ogasiti analowa ndi mphepo yake, chisanu n'kuyamba kutha. Kompyuta inasiyiratu kukana. Inalola mu Seputembala, inalola m'chilimwe monse, inalola dzinja lonse. Ngakhale amene ankakayika anati umboni ndi umenewu: mwini mankhwala wachoka, matenda atha.

Palibe anawaloza chala pamaso. Zinangoyamba kuchepa. Mphakati unapeza khonde lina, ati kwa a Esitere n'kutali, ngati nyumba inasuntha. Pamaliro akafika kukhitchini, amayi ankawalandira mthiko mwaulemu n'kuwauza kuti akhale, atopa. Makolo anasiya kuwapempha za ubatizo. Bambo mfumu analalikira mwamphamvu za kunamizira anthu ufiti, mpingo wonse n'kuvomera ndi mitu, koma potuluka benchi ya achemwali inali ndi malo okwana anthu atatu mbali iyi ndi iyi. Iwo sanadandaule kwa munthu. Ankadzukabe tambala akulira, kusesa bwalo loseseka kale, n'kukhala pakhonde. Anaonda. Ine zinkandiwawa mpaka kulephera kugwira sikuludiraiva.

Chaka chinazungulira, Juni anafika ndi chisanu choposa cha chaka chatha. Disiki ija inali itakalambirako. Inayamba kukana Pilira. Inakana msungichuma. Tsiku lina inakana ngakhale chala cha a Damiano, masanasana. Ndinasangalala, ndisaname. Ndinati tsopano aona okha, mayi uja kulibe koma matenda abwerera.

Ndinaiwala kuti ndi anthu a kwathu. Anati a Esitere anachoka ndi chakukhosi, ndiye aimangira kunyumba.

Lamulungu lina masana ndili kwa achemwali, tinaona a Damiano, msungichuma ndi mkazi wake akulowa pabwalo, tambala ali m'manja. Anakhala pamphasa, malonje anachitika. A Damiano anayankhula mozungulira, za chisanu, za mitengo ya feteleza, za kukalamba. Kenako anafika pamutu. Alimi akuvutika, ntchito yaima, ndipo ngati pali pamene komiti inalakwa, mayi aone okha mmene angachitire. Kiyi akuwadikira.

Ndinatsegula pakamwa, achemwali n'kundigwira bondo.

"Ine sindinamange kanthu, bambo," anatero. "Tambalayo bwererani naye. Koma ndikupempha chimodzi. Mlongo wangayu aitsegule inu nonse mukuona, m'mamawa, kukuzizira. Ine ndikaima pakhomo, sindikhudza chilichonse."

Anavomera msangamsanga. Atapita, achemwali anayamba kuyang'ana juzi yoti adzavale. Ndinawaona akumwetulira koyamba chichokereni ntchito. Ankakhulupirira kuti munthu akaona ndi maso ake amasintha maganizo.

Tsiku lopanganalo tinafika chifunga chili tolo, phiri losaoneka. Komiti yonse inalipo, m'majekete ndi m'zipewa zaubweya, ena kunali koyamba kuiona ofesiyo nthawi ngati imeneyo. Achemwali anaima pakhomo, manja m'chitenje. Ndinapempha a Damiano kuti adine okha. Sikirini bii, kamzere kakuphethira. Ndinamasula chivundikiro, n'kuitana aliyense kuti aike khutu amve disiki yakale ikubuula, aikhudze amve mmene yazizirira. Anakhudza onse, mmodzimmodzi. Ndinafotokoza za zipinda ziwiri ndi khomo limodzi, pang'onopang'ono, m'Chichewa cha kumudzi. Ndinalowetsa flashi yanga, kusamutsira khomo pa disiki yabwino, kuzula yakale ija n'kuiika m'dzanja la apampando. Kenako ndinati Pilira adine. Inalowa. Tinazimitsa, msungichuma n'kudina. Inalowa. Tinabwereza mpaka aliyense atadinako, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa, popanda mbaula, popanda dzuwa.

Ndinatembenuka kuyang'ana achemwali. Maso awo anali pa a Damiano.

A Damiano anaika disiki ija patebulo osaiyang'ana n'komwe. Anandilambalala ine ngati mpando, n'kukaima kutsogolo kwa achemwali. Anavula chipewa, n'kuwerama.

"Mayi, zikomo kwambiri. Mwatimasula. Tinakulakwirani, koma mwaonetsa mtima wachikhristu. Chonde, pakakhala china mtsogolo muno muzingotiuza. Musadzaimangenso."

Komiti yonse inaomba m'manja mwaulemu. Mkazi wa msungichuma anagwada pasimenti yozizira ija, kiyi ali m'manja awiri, mutu uli pansi, osayerekeza kuwayang'ana m'maso.

Achemwali anayang'ana kiyiyo kanthawi. Sanamulandire. Anapinda mawondo pang'ono monga amachitira kwa akuluakulu, n'kutuluka.

Ndinawapeza pa kanjira ka m'mphepete mwa nkhalango, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinali ndikutukwana ndekha, ndikutchula aliyense ndi mtundu wake. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Domi," anatero osatembenuka, "disiki yatsala m'katimo, nayonso idzakalamba?"

"Idzakalamba, achemwali. Zonse zimatero."

"Tsiku lina idzakana."

"Idzakana."

Anakokera mpango kumakutu, n'kupitiriza kukwera.

"Ndiye adzabweranso ndi tambala," anatero.